Namondwe wa ku Beira amafikanso pachigayo cha pa Msundwe

Tikangomva mawu oti namondwe, ambirife kuno kuchigawo chapakati timaganiza za anzathu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje. Zithunzi zimatipeza pa WhatsApp: madzi alekeza m'khosi, mayi ali mumtengo ndi mwana kumbuyo, mlatho wapita. Timalemba kuti "Ambuye alowererepo", n'kuika kankhope kolira kaja, basi n'kupitiriza zathu. Munthu wa pa Msundwe, ku Nsaru kapena kwa Kabudula amadziona kuti ali kutali nazo. Kuno n'kumtunda, mtsinje wa Ruo timangoumva pawailesi.

Komatu namondwe sachita kufika pa Msundwe kuti pa Msundwe zinthu ziime. Akhoza kuwomba ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera pano, kapena kuononga damu limodzi ku Chikwawa, koma mapeto ake wakabaza wa pa Mpingu n'kumakankha njinga yake yamoto, chigayo cha kumudzi chili zii, amayi akubwerera ndi chimanga chawo pamutu. Nkhaniyi tiikambe pano mvula ikungoyamba kumene, mizere isanabwerenso, chifukwa ikabwera tonse timangokhalira kutukwana pa Facebook ndipo palibe amamva mnzake.

Tayambani mwawerenga zinthu zomwe zimayendera mafuta pamalo ngati Msundwe kapena Namitete. Minibasi ndi ma Sienta omwe amathamanga mumsewu wa ku Mchinji. Njinga zamoto za kabaza, zomwe lero ndiyo ntchito ya anyamata ambiri, ena sukulu inawathera panjira, ena MSCE ili m'chikwama koma kolembedwa kulibe. Zigayo za dizilo m'midzi momwe mawaya a Escom sanafike. Mapampu a kudimba. Malole otuta soya, mtedza, fodya, anyezi ndi tomato kupita nazo mtauni. Ambulansi yochoka kwa Kabudula itanyamula mayi amene uchembere wavuta, kuthamangira ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Ngakhale foni mwagwirayi ili m'gulu lomweli, pakuti nsanja zambiri za netiweki zili ndi jenereta ya dizilo yomwe imalira magetsi akazima. Dizilo akatha pansanjapo, bandulo yanu ilibe ntchito, ndipo ndalama yomwe achimwene atumiza kuchokera ku Joni imangokhala mufoni, simungaitape.

Tsono mafuta onsewa, kupatula ethanol pang'ono yemwe timathira mu petulo, amachokera kunja. Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibe fakitale yoyengera, alibenso doko la panyanja yamchere. Mafuta athu amatsikira ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique komanso ku Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo ambiri mwa iwo amabwera pamsewu, thanki imodziimodzi, dalaivala akugona m'malire. Madoko awiri mwa atatuwa ali m'gombe lomwe anamondwe ochokera m'nyanja ya Indian amakonda kutulukira.

Usiku wa pa 14 March 2019, namondwe wa Idai anatulukira pa Beira penipeni. Mzinda unaphwasuka, ntchito padoko zinaima, ndipo msewu waukulu wa EN6, womwe mathanki obwera kuno amayambira ulendo asanakhotere ku Tete, unaduka ndi madzi. Kwa masiku angapo mzindawo unali wosafikika pagalimoto. Thanki yomwe ili tsidya lina la msewu woduka ilibe kuchitira mwina, imadikira basi. Apo ayi mafutawo akafunidwe ku Dar es Salaam, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kudzafika ku Lilongwe, ndipo mtunda ukatalika mtengo nawo umakwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mafuta omwe ali m'sitima ku Beira si athu kufikira atalowa m'nkhokwe pa Kanengo.

Njanji nayo madzi sanaisiye. Njira ya sitima ya ku Beira, yomwe inali itaima kale chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, inamalizikiratu mu 1997 madzi atakokolola njanji pa Chiromo. Mu 2003 mlatho wa njanji wa Rivirivi ku Balaka unapitanso ndi madzi. Sitima yonyamula mafuta itafika ku Lilongwe kuchokera ku Nacala mu July 2024, kunali chimwemwe ndi zolankhula za akuluakulu, poti panali patatha zaka 21 chichitikireni zimenezi. Zaka 21! Ambiri amene mukuwerenga pano munali musanayambe sitandade 1, ena musanabadwe n'komwe.

Imeneyo ndi njira yoyamba yomwe namondwe amatipezera. Yachiwiri anthu saiganizira kwenikweni, ndiyo ya magetsi. Kumapeto kwa January 2022, namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi omwe Egenco imapanga. Zinatenga chaka ndi miyezi kuti makinawo abwerere, mu 2023. Mukukumbukira mdima wa nthawi ija, kutchaja foni usiku wa manda magetsi akangoti phethi. Mu March 2023 kunabwera Freddy, yemwe anatenga miyoyo ya anthu oposa 1,000 tikaphatikiza omwe sanapezeke, ndipo Egenco inachita kuzimitsa makina ku Nkula ndi ku Tedzani chifukwa cha zinyalala ndi matope zomwe madzi ananyamula. Nkula, Tedzani, Kapichira, zonsezi zili pamtsinje umodzi.

Magetsi akazima, aliyense amene ali ndi jenereta amailiza: zipatala, mabanki, mafakitale, mahotela, nsanja za netiweki, mpaka mnyamata wometa ndi woonetsa mpira pamsika. Egenco nayo imayatsa majenereta ake akuluakulu a dizilo. Ndiye kuti nthawi yomwe misewu yaduka ndipo mafuta akuvuta kulowa, ndi nthawi yomweyonso dziko limafuna dizilo wochuluka kuposa masiku onse. Wachigayo wa ku Nambuma amapezeka akulimbirana lita imodzimodziyo ndi banki ya ku City Centre. Wopambana mukumudziwa kale.

Koma tisanamizire mvula zonse. Mizere yambiri yomwe taiona m'dziko muno, kuyambira ija ya 2011 ndi 2012 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ija ya 2022, mpaka ya kumapeto kwa 2024, gwero lake lalikulu linali kusowa kwa ndalama zakunja. Mafuta amagulidwa ndi dola, ndipo dola tilibe. Dziko lino limafuna pafupifupi $600 miliyoni pachaka kuti ligule mafuta okha. Fodya yense amene anagulitsidwa pamsika mu 2024 anabweretsa $396 miliyoni. Tamvetsani bwino pamenepa. Thukuta lonse la alimi a ku Nsaru, Kasiya, Kasungu, Rumphi ndi kwina konse, kuyambira kunazale mu September mpaka kudinda mabelo, silinakwane kulipira mafuta a chaka chimodzi. Ngozi ikagwa, dola yochepa yomweyo imagawikanso. Chilala cha El Niño cha 2024 chitachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, panafunika ndalama zakunja zogulira chimanga. Freddy atadutsa panafunika zokonzera misewu ndi milatho. Namondwe amapeza nyumba yomwe nsichi zake zinadyeka kale ndi chiswe, iye amangokankha pang'ono.

Ndipo si mvula yokha yomwe ingatseke njira. Kumapeto kwa 2024, zipolowe zomwe zinabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu October zinasokoneza maulendo a magalimoto onyamula katundu, nthawi yomwe ife tinali kale pamizere. Mitengo nayo mukuidziwa. Mu November 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mu October 2025 anakwera kufika pa K3,499.

Nanga nkhokwe? Bungwe la Nocma lili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zomwe zonse pamodzi zingasunge malita 60 miliyoni. Dziko limamwa malita pafupifupi 2 miliyoni patsiku, petulo ndi dizilo pamodzi. Ndiye kuti zitakhala zodzadza, zingatisunge pafupifupi mwezi. Mawu ofunika apa ndi oti "zitakhala zodzadza". Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti nkhokwe yokongola yopanda chimanga ndi chisa cha makoswe chabe. Ife tikuti Nocma ndi Mera azilengeza sabata iliyonse, makamaka kuyambira November mpaka April, kuti m'nkhokwemo muli mafuta a masiku angati. Azilemba nambala, osati chiganizo chija tinachiloweza chakuti "mafuta alipo okwanira, anthu asade nkhawa". Chiganizo chimenechi chinatha mphamvu, moti masiku ano munthu akachimva amathamangira kukaima pamzere. Kale ankati chakudza sichiimba ng'oma, koma namondwe wa masiku ano amaimba. Nthambi yoona zanyengo imamuona akadali kutali m'nyanja n'kuchenjeza kukadali masiku angapo, ndipo miyezi yake ndi yodziwika chaka ndi chaka. Kudzidzimuka ndi chinthu chomwe chili pakalendala n'kusakonzeka basi.

Chomwe chimatipweteka kwambiri n'chakuti mafuta akachepa, wakumudzi ndiye amakhala kumapeto kwa mzere, mwinanso pamzerepo sakhalapo n'komwe. Mathanki ochepa omwe alowa amathera mtauni, komwe kuli malo ambiri omwetsera mafuta komanso komwe kuli anthu otha kukuwa. Kenako Mera imaletsa kugula mafuta m'zigubu pokhapokha munthu ali ndi chilolezo. Cholinga chake tikuchimva, akufuna kutseka mavenda omwe amagula n'kukagulitsa modula. Koma amene analemba lamulo limeneli anayamba waona chigayo chikuyenda kupita kukamwa dizilo? Pampu ya kudimba ili ndi mateyala? Wachigayo wa kwa Kabudula, kuti atsate lamulo, ayenera kusiya ntchito, kukwera galimoto yomwe mtengo wake wakwera kale, kukasaka kapepala, kenako kukagona pamzere. Ambiri sapita. Amagula kwa venda yemweyo lamulo limafuna kutseka, pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, ndipo ndalamayo amakaibweza pa mayi amene wabwera ndi ndowa yake kudzagayitsa. Lamulo lopangira anthu a mtauni limathera m'mbale ya nsima ya kumudzi. Chingavute n'chiyani kuti zigayo, mapampu ndi zipatala za m'dera lililonse zilembedwe m'kaundula kukhonsolo nthawi ya mtendere, kuti mavuto akabwera chilolezo chikhale chili kale m'manja?

Ine amene ndikulemba pano ndinayendapo wapansi maola awiri kuchoka pa Msundwe kupita kumudzi kwa agogo, nthawi ya mizere ya 2024 ija, chifukwa wakabaza anatchula mtengo woposa womwe ndinalipira pa minibasi kuchoka mtauni. Ndinayamba kumulalatira. Iye sanayankhe zambiri, anangondionetsa kabotolo ka petulo komwe anali atangogula kwa venda n'kunditchulira mtengo wake. Ndinangoti pepani achimwene, n'kuuyamba ulendo. Ine ndinali ndi miyendo yabwinobwino ndi kachikwama kamodzi. Panjira ndinkaganiza za munthu amene ali ndi mwana wotentha thupi usiku.

Kwa anyamata anzathu ogulitsa mafuta m'zigubu, tikudziwa kuti ndi geni ndipo ntchito kulibe. Koma petulo wosunga kuchipinda, m'zigubu za mafuta ophikira, pafupi ndi mbaula ndi kandulo, ana akugona pomwepo, ameneyo ndi maliro odikira tsiku. Ndipo amene mumasakaniza ndi parafini, injini yomwe mukuphayo ndi ya mnzanu amene akubwezabe ngongole ya njingayo.

Tibwere ku nkhani yosamala mafuta. Mavuto akafika, uthenga umatuluka woti tonse timange malamba, tichepetse maulendo osafunika. Funso n'lakuti uthengawu ukupita kwa yani? Wakabaza wa pa Namitete anayamba kalekale kusamala, mpaka mopitirira muyeso. Amazimitsa injini potsetsereka, amakweza anthu atatu ndi thumba la feteleza panjinga imodzi, zomwe zikuthera m'mawodi a anthu othyoka miyendo. Mayi wa kumudzi amayenda wapansi kale. Palibe chomwe mungafinyenso pamenepo. Mafuta enieni opulumutsa ali kumtunda: m'midipiti ya magalimoto a akuluakulu, m'ma Land Cruiser omwe amanyamula munthu mmodzi ndi nyuzipepala yake, m'misonkhano yomwe anthu a ofesi imodzi ku Capital Hill amakachitira ku Salima kapena ku Mangochi pomwe akanatha kukumana pakhonde lawo lomwelo. Mu November 2023, Lazarus Chakwera ali mtsogoleri wa dziko, analamula kuti mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma adulidwe ndi theka. Zinaonetsa kuti n'zotheka. Koma n'chifukwa chiyani mfundo zotere zimadikira moto uyake kaye? Ndipo malita omwe amapulumuka amapita kuti? Ife tikanakonda kuti boma lililonse, la chipani chilichonse, lizinena poyera kuti mafuta omwe ladula kwa mabwana apita ku ambulansi zingati.

Izi sizikutanthauza kuti ife tilibe mbali yathu. Tayamba kuchita manyazi ndi njinga yakapalasa ngati ndi chizindikiro cha umphawi, mpaka mtunda woti munthu ungayende mphindi khumi tikuitanira njinga yamoto. Alimi asanu a mudzi umodzi amapita kumsika aliyense payekha ndi matumba ake awiri, pomwe akanasonkha n'kuchita hayala galimoto imodzi. Njinga yamoto ya mateyala ofooka mpweya, tcheni chouma ndi pulagi yakutha imamwa mafuta ambiri. Ndi zazing'ono, koma pamtengo wa lero zimaoneka m'thumba pakutha pa sabata.

Komabe kusamala kokha sikungatichotse m'khwawa limeneli. Tiyenera kuchepetsa zinthu zomwe moyo wake uli pa dola. Ndipo pena tinayamba kale, kungoti timayenda ngati nkhono. Malawi anayamba kuthira ethanol mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, mayiko ambiri asanaganizeko n'komwe. Pambuyo pake kunabwera PressCane ku Chikwawa. Cholinga n'choti magawo 20 pa 100 alionse a petulo azikhala ethanol, koma nthawi zambiri sitifikapo chifukwa zotsalira za nzimbe zopangira ethanolyo zimaperewera. Awa ndi mafuta olimidwa m'munda mwathu, olipiridwa ndi kwacha, osadutsa pa Beira. Patatha zaka zoposa 40 tikanayenera kukhala patali. (Kungoti fakitale imodziyo ili ku Chikwawa komwe madzi amasefukira, ndiye nayonso isamangodaliridwa yokha.)

Dzuwa ndiye tili nalo lambiri, mpaka timalidandaula. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anayamba ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Amenewo ndi akuluakulu. Koma kwa munthu wa pa Msundwe, nkhani ili pa tinthu ta pafupi: pampu ya sola kudimba m'malo mwa ya petulo, sola pachipatala chaching'ono kuti firiji ya katemera ndi nyali za kuchikuta zisadikire jenereta, chigayo choyendera magetsi kapena dzuwa. Ku Kigali, Kampala ndi Nairobi, akabaza ambiri ayamba kuyendera njinga za batire, batire ikatha amakasinthitsa ndi yodzadza n'kupitiriza ulendo. Tisanamizane, zinthu zimenezi n'zodula pogula, ndipo njinga ya batire yodalira magetsi a pa Shire nayonso idzaima tsiku lomwe Kapichira adzaimenso. N'chifukwa chake malo otchajira ayenera kukhala a sola, ndipo ngongole zomwe boma limati ndi za achinyamata zikanalunjika kuzinthu ngati zimenezi m'malo mogawana pamisonkhano ya ndale.

Tikapanda kutero, njira ina yomwe anthu amathawirako tikuidziwa. Magetsi akazima mtauni, makala amakwera mtengo, ndipo njinga zonyamula matumba atatuatatu zimachuluka m'njira zochokera ku Dzalanyama. M'nkhalango imeneyi ndi momwe mumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe mzinda wonse umamwa. Mitengo ikatha, mvula yochepa yomwe imakokolola nthaka n'kukwirira madamu. Wootcha makala sitingamuweruze tili chikhalire pampando wa sofa, nayenso akusaka ya ndiwo, koma tidziwe kuti mdima wa ku Area 25 umalipiridwa ndi mitengo ya ku Dzalanyama.

Palinso njanji ya ku Mchinji, yomwe imadutsa kuzambwe kwa Lilongwe komwe kuno ndipo mu 2010 inalumikizidwa mpaka ku Chipata. Inu a m'derali, ndi liti munaona sitima ikudutsa itanyamula soya kapena mtedza wanu? Sitima imodzi imanyamula katundu wa malole ambirimbiri ndi dizilo wochepa poyerekeza. Tili ndi chitsulo chogona m'tchire kwinaku tikulira dola yogulira dizilo wa malole.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo makhonsolo amayenera kukhala ndi dongosolo lokonzekera ngozi. Tikamva za dongosolo lotere timaganiza za matenti, ufa ndi mabulangete, zomwe n'zofunikadi. Koma kwa boma ngati Lilongwe, komwe madzi sangafike m'khosi koma mafuta angathe kusowa, dongosololi liyenera kunenanso za dizilo. Nthambi ya Dodma, khonsolo ya Lilongwe, Mera ndi ofesi ya zaumoyo akhale pansi mwezi uno, agwirizane kuti malo omwetsera mafuta a m'njira ya ku Mchinji ndi ya ku Kasiya azisungira ambulansi ndi zipatala gawo lawo lomwe wina aliyense sangalikhudze, ngakhale abwere ndi galimoto ya mbendera.

Inu muli ndi foni m'manja, ndipo ambiri muli m'magulu a WhatsApp momwe muli khansala kapena phungu wa dera lanu. Nthawi ino musamufunse za jezi ya timu ya mpira. Mufunseni kuti pa ndalama za CDF, zingati zapita ku sola ya pachipatala cha kwanuko. Mufunseni kuti msewu wa ku Beira utaduka mawa, ambulansi ya kwanuko ili ndi dizilo wa masiku angati, akusungidwa kuti, ndipo kiyi wake ali ndi ndani.